ZA UMOYO WA M'BANJA: Masiku Opanda Mkanda

Tisanayambe, tipepese kwa akulu-akulu amene angaone kuti nkhani ya mwezi uno ndi ya kuseri kwa nyumba, yoyenera kukambidwa ndi anamkungwi okha. Tikudziwa kuti tsamba lino limawerengedwa ndi bambo, mayi ndi ana omwe. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene akhala akugogoda kwa ife ndi amayi a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, ena polemba, ena potikokera pambali ndi kulankhula motsitsa mawu. Funso lawo ndi limodzi: bwanji mabere amalemera ndi kupweteka mwezi uliwonse msambo ukayandikira? Ndipo pansi pa funsoli pamabisala lina, limene ambiri amalifunsa atayang'ana pansi: kodi chimenechi si chiyambi cha khansa?

Mwa Achewa, mtsikana akamalowa m'banja alangizi amamphunzitsa chilankhulo cha mikanda. Mkanda wofiira ukaoneka kuchipinda, mwamuna amadziwa popanda kufunsa kuti mnzake ali kumwezi. Woyera ukabwerera, amadziwa kuti zatha. Kophikira nakonso kuli chizindikiro chake, pakuti m'mabanja osunga mwambo mayi amaitana mwana kuti adzathire mchere m'ndiwo. Makolo athu anali ndi luso lolankhula zinthu zovuta popanda kutsegula pakamwa.

Koma taonani chinthu chimodzi. Zizindikiro zonsezi zimayamba tsiku limene magazi aoneka. Ululu wa mabere umabwera zisanafike pamenepo, sabata imodzi kapena ziwiri m'mbuyo, ndipo pamene mkanda wofiira ukupachikidwa ululuwo umakhala utayamba kale kutsazika. Masiku amene mayi akuvutika kweni-kweni ndi masiku opanda mkanda. Palibe amene akudziwa. Mtondo ukumudikira, chitsime chili pomwe chinali dzulo, mwana ali kumbuyo ndipo mfundo ya chitenje yadutsa pa malo pomwe pakupwetekapo. Usiku mwamuna akatambasula dzanja ndipo mayi nakankha, mlandu wayamba, ndipo si mabanja ochepa amene anafika kwa ankhoswe chifukwa cha chinthu chimene mawu atatu akanachithetsa.

Chimene chimachitika m'thupi

Bere si nyama chabe. M'kati mwake muli timagulu ta timatumba topanga mkaka, tokhala ngati timaphava ta zipatso, ndipo kuchokera ku timatumbati kumatuluka tinjira topita ku nsonga ya bere. Zonsezi zakutidwa ndi mafuta ndi timinyewa tozigwira pamodzi. Timatumba tambiri tili mbali ya kumtunda, cha kunja, kulowera kukhwapa. N'chifukwa chake amayi ambiri akamaloza pamene pakupweteka amaloza pamenepo, ndipo ena amati ululu ukutsikira m'mkono.

Tsono mwezi uliwonse thupi la mayi limakonzekera mwana, kaya mwiniwake akufuna kaya sakufuna. Ntchito imeneyi imayendetsedwa ndi mahomoni, amene tingawayerekeze ndi amithenga oyenda m'magazi. Awiri mwa iwo ndiwo atikhudza pano. Msambo ukatha, homoni yotchedwa estrogen imayamba kuchuluka, ndipo imakulitsa tinjira ta mkaka tija. Cha pakati pa mwezi dzira limatuluka m'thumba lake. Pamalo pamene dziralo latuluka pamayamba kupangidwa homoni yachiwiri, progesterone, imene imakonza chiberekero kuti chilandire mlendo, ndiponso imatupitsa timatumba ta mkaka. Nthawi yomweyo thupi limasunga madzi ambiri kuposa masiku onse. Bere limadzaza, khungu ndi timinyewa zimakokeka, ndipo mayi amamva kulemera, kuwawa, kapena kunyung'unya kumene kumakula akangokhudzidwa pang'ono.

Kuchokera tsiku lotuluka dzira kufika tsiku loyamba kusamba pamapita masiku pafupifupi 14. Ngati mimba sinachitike, mahomoni onse awiri amatsika mofulumira, chiberekero chimataya zimene chinayala, ndipo bere limaphwa. Tingati ndi nyumba imene yasesedwa ndi kuzira poyembekeza mlendo. Mlendo akapanda kufika, mphasa zimapindidwa, kenaka mwezi wamawa ntchito iyambiranso.

Wina afunsa: nanga bwanji ine ndimavutika pamene mkulu wanga wa bere limodzi samva kalikonse? Kodi mahomoni anga achuluka? Madokotala atayeza magazi a amayi ovutika chotere anapeza kuti mwa ambiri mahomoni ali pa muyeso wake. Kusiyana kuli pa bere lenilenilo, momwe limamvera uthenga. Mvula imodzimodzi ikagwa, dambo limadzaza madzi pamene mtunda wangonyowa. Kotero ululuwu si umboni wakuti thupi lalakwika, kapena kuti mayi sadzabereka, kapena kuti wina wamuponda. Ndipo ngofala kwambiri: mwa amayi atatu alionse, pafupifupi awiri amamvapo kupweteka kwa mabere pa moyo wawo, ndipo mtundu wotsata mwezi ndiwo wochuluka. Umavuta kwambiri amayi a zaka za m'ma 20, 30 ndi 40, nthawi zina umakula mayi akayandikira kusiya kusamba, ndipo akasiya, kawiri-kawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, umatha wokha.

Ululu wa mwezi uli ndi khalidwe lake, ndipo ndi khalidwe limeneli limene tikufuna mayi aliyense alidziwe monga adziwira mapazi a mwana wake. Umagwira mabere onse awiri, ngakhale limodzi likhoza kuposa linzake. Sukhala pa kadontho kamodzi koloza ndi chala, koma umamwazika. Bere limamveka la mibulu-mibulu, ngati thumba la nsawa zosasenda. Ndipo chachikulu koposa: umabwera pa nthawi yake, nuchoka pa nthawi yake, mibulu ija nkuchoka nawo.

Lembani masiku

Apa ndipo tikufuna kuchedwapo, chifukwa mankhwala oyamba a vutoli sagulidwa. Madokotala a ku Cardiff m'dziko la Wales, amene anatsegula kiliniki ya amayi odandaula za kupweteka kwa mabere, ankapatsa mayi aliyense pepala la timabokosi, kabokosi kamodzi pa tsiku, kuti azidetsa pamene wamva ululu ndi kuika chizindikiro pa tsiku loyamba kusamba. Chimene anaona n'chakuti amayi ambiri, atapimidwa bwino ndi kuona ndi maso awo kuti ululu ukuyenda ndi mwezi, sanafunenso mankhwala amphamvu. Chimene chinawatengera ku chipatala sichinali ululu weni-weni ayi, koma mantha.

Ife sitisowa pepala la ku Cardiff. Kalendala ya pakhoma ikwanira, kapena tsamba la kumapeto kwa kope la mwana wa sukulu. Tsiku loyamba kusamba lembani mtanda. Tsiku lililonse limene mabere apweteka ikani kadontho, ndipo akapweteka mpaka kukulepheretsani ntchito ikani madontho awiri. Amene zolemba zimawavuta atenge chitini: nyemba yofiira pa tsiku la kusamba, njere ya chimanga pa tsiku la ululu, kamwala pa tsiku labwino, koma aziika motsatana pa mzere, kapena amange mfundo pa chingwe, kuti dongosolo la masiku lisasokonezeke. Chitani zimenezi miyezi iwiri kapena itatu. Mukaona kuti madontho aunjikana kutsogolo kwa mtanda ndipo akuzimirira mtanda ukadutsa, mwapeza yankho lanu. Mukaona kuti madontho amwazika mwezi wonse osasamala za mtanda, mwapezanso yankho, ndilo lakuti pitani mukapimidwe, ndipo pepalalo mulitenge. Namwino amene ali ndi mzere wa anthu makumi asanu pakhomo amathandiza msanga mayi amene wabwera ndi masiku olembedwa kusiyana ndi amene angoti, "Limangopweteka-pweteka."

Tichenjeze pang'ono mabanja amene amatsata masiku a m'thupi pofuna kulera kapena pofuna mwana. Kulemera kwa mabere kumabwera dzira litatuluka kale, n'zoona, koma tsiku limene kumayamba limasintha-sintha, ndipo mwezi wina sikubwera konse. Musawerengere pa chizindikiro chimenechi chokha. Kumbukiraninso kuti si mayi aliyense amene mwezi wake uli ndi masiku 28. Kuyambira 21 mpaka 35 zonse n'zabwino-bwino.

Zochepetsa ululu

Choyamba ndi chovala. Bere lotupa limapweteka likamagwedezeka, ndipo ntchito za mayi wa kumudzi, kusinja, kupalira, kupalasa njinga pa msewu wa mabampu, zonse n'zogwedeza. Bra yokwana bwino, ya malamba otambalala, yonyamula bere lonse popanda kulifinya, imathandiza kuposa momwe ambiri aganizira. Vuto n'lakuti ambiri timagula pa msika mwa manyazi, mofulumira, kungoyerekeza ndi maso, ndipo timabwera ndi yothina kapena yokhala ndi waya wobaya. Ikasiya mizere yofiira pakhungu, kapena bere likamasefukira pamwamba, ndiye kuti yachepa. Popeza bere limakula masiku amenewa, ndi nzeru kukhala ndi imodzi yokulirapo yosungira sabata yovutayo, ndipo ngati ili yofewa mukhoza kugona nayo. Amene alibe, nsalu yofewa yomangidwa monyamula kuchokera pansi imagwira ntchito. Ndipo pobereka mwana, mfundo ya chitenje ikwezeni pamwamba pa mabere kapena mumangire paphewa.

Chachiwiri ndi madzi. Nsalu yoviika m'madzi ofunda, osati otentha, nkuiika pa bere kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu madzulo, imafewetsa. Ena amapeza bwino ndi madzi ozizira a mumtsuko. Yesani zonse ziwiri, thupi lanu lidzasankha.

Chachitatu ndi mankhwala a ululu amene tonse tiwadziwa. Panado, amene dzina lake la ku chipatala ndi paracetamol, munthu wamkulu amamwa mapilitsi awiri a 500 mg nthawi imodzi, kudikira maola osachepera 4 asanamwenso, ndipo osapitirira mapilitsi 8 pa tsiku lathunthu, usana ndi usiku. Kupyola pamenepo kumaononga chiwindi, ngakhale munthu asamve kanthu tsiku lomwelo. Brufen, ndiye ibuprofen, amathandizanso, koma amwedwe mutadya, ndipo sayenera kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, mphumu imene imadzuka ndi mankhwala otere, kapena amene akuganiza kuti ali ndi pakati. Palinso mankhwala opaka a diclofenac, amene atayesedwa anaonetsa kuti amachepetsa ululuwu ndipo savutitsa m'mimba ngati akumwa. Apakidwe pa khungu lopanda bala, ndipo woyamwitsa ayambe wafunsa ku chipatala. Kwa amayi ochepa amene ululu umawalanda tulo ndi ntchito miyezi yambiri motsatana, alipo mankhwala amphamvu okhudza mahomoni, monga tamoxifen ndi danazol. Amenewa ali ndi zovuta zake zazikulu, ndi oopsa kwa mwana wa m'mimba, ndipo amaperekedwa ndi dokotala yekha. Si ogula pa kauntala kapena kubwereka kwa mnansi.

Za zakudya tinene zoona. Mabuku ambiri amalangiza kusiya khofi, tiyi ndi zakumwa za kola, ndi kuchepetsa mchere ndi mafuta. Alipo amayi amene amati zinawathandiza, koma pamene akatswiri anayesa mosamala, umboni unapezeka wofooka. Kuyesa mwezi umodzi kapena iwiri sikupweteka munthu, ndipo kuchepetsa mchere n'kwabwino pa chifukwa china, ndicho kuthamanga kwa magazi. Koma mayi amene chisangalalo chake chokha m'mawa ndi kapu ya tiyi asadziimbe mlandu. Chimodzi-modzi makapisozi odula a mafuta a evening primrose ndi a vitamin E, amene amagulitsidwa m'matauni ndi malonjezo ambiri: poyesedwa sanaonetse mphamvu yodalirika yoposa piritsi lopanda mankhwala. Ndalama imeneyo ikagula bra yabwino yagwira ntchito yooneka.

Chimene tikukana ndi mtima wonse ndi kutema mphini pa bere ndi kupakapo zitsamba zoyabwa kapena zotentha. Taganizani momwe zimayendera: mayi apita kwa sing'anga pa tsiku limene ululu wafika pachimake, atemedwa, ndipo patapita masiku atatu wasamba ndi ululu watha. Ndani alandira ulemu? Mphini. Chonsecho ululuwo unali pa khomo potuluka kale. Chotsalira ndi zipsera, nthawi zina bala la mafinya, ndi ngozi ya lezala logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo. Tiwonjezepo za mphekesera yakuti kusunga ndalama kapena foni m'bra kumayambitsa khansa. Palibe umboni wa zimenezi. Makobili ndi foni zingakhule ndi kupweteka bere lotupa kale, ndipo pa chifukwa chimenecho chokha n'kwabwino kuzisunga kwina.

Mawu kwa abambo

Lamulo la ntchito la dziko lathu, Employment Code Act la 2019, limapatsa mayi aliyense wolembedwa ntchito tsiku limodzi pa mwezi loti akhale kunyumba popanda kubweretsa kalata ya dokotala kapena kufotokoza chifukwa. Ndilo lija anthu amalitcha Mother's Day. Maiko amene ali ndi lamulo lotere ndi owerengeka pa dziko lonse, ndipo tiyenera kunyadira. Koma mphunzitsi wa pa boma la Katete ndi kalaliki wa ku khonsolo ndiwo angalitenge. Mayi wolima thonje ndi nsawa kwa Kawaza, kwa Nyanje kapena kwa Pembamoyo alibe bwana womulembera tsiku. Bwana wake ndi nyengo ya mvula. Ngati tsikulo lidzapezeka, lidzachokera kwa mwamuna wake, apongozi ake ndi ana ake okula.

Sitikupempha zazikulu. Mgolo wa madzi ukwere pa njinga ya bambo sabata imeneyo. Chimanga chipite ku chigayo m'malo mwa mtondo. Ndipo mayi akati, "Pano pakupweteka," mawuwo amveke monga momwe anenedwera, popanda kuwafunira tanthauzo lina. Kwa amayi nawonso tikuti: bambo sangalote. Ambiri mwa amuna athu anakula osamvapo kuti chinthu chotere chilipo, pakuti ku chinamwali sanapiteko ndipo anzawo ku bawo sakamba zimenezi. Muuzeni masana, mtima uli pansi, osadikira usiku pamene mkwiyo wayamba. Alangizi athu, a m'midzi ndi a m'mipingo, amene amaphunzitsa za mkanda wofiira ndi woyera, angachite bwino kuphunzitsanso anyamata ndi atsikana olowa m'banja za masiku otsogolera mkanda wofiirawo. Kaya apezere mkanda wa mtundu wina, izo tisiyira eni ake mwambo.

Zofanana nazo

Si ululu uliwonse wa pachifuwa umene uli wa mwezi. Mabere akapitiriza kulemera koma msambo osabwera, ganizani za mimba, ndipo kapimitseni musanamwe mankhwala ena alionse kupatula Panado. Amene ayamba kumene mapilitsi, jakisoni kapena kachipangizo ka pamkono kolerera amamvanso kulemera kwa mabere, popeza zonsezi ndi mahomoni. Kawiri-kawiri kumachepa pakapita miyezi ingapo, ndipo kukapitirira akauze amene anawapatsa. Woyamwitsa amene bere lake latupa mbali imodzi, lafiira, likutentha, iye mwini nkumva malungo, ali ndi matenda ena, ofuna chipatala tsiku lomwelo, ndipo asaleke kuyamwitsa kapena kukama bere limenelo pokhapokha atauzidwa. Ndiye pali ululu umene suli m'bere konse, koma m'nthiti ndi m'minofu ya pansi pake, wobwera ndi khasu, munsi ndi mitolo ya nkhuni. Umenewu umakhala mbali imodzi, umakula munthu akatembenuka, akakweza mkono kapena akapuma mozama, ndipo sudziwa kalendala.

Atsikana ongotha msinkhu tisawaiwale. Mabere akamamera amapweteka, ndipo limodzi likhoza kutsogola miyezi ingapo linzake lisanayambe. Akayamba kusamba, nawonso amamva kulemera kwa mwezi ndi mwezi. Mwana wotere akadandaula, funso loyamba lisakhale lakuti, "Wayenda ndi yani?" Mtsikana amene wakalipidwa kamodzi pa nkhani ya thupi lake sadzanenanso kanthu, ngakhale tsiku limene adzakhale ndi chinthu chofunikadi kunena. Ndipo asafinyidwe kapena kumenyedwa mabere ndi mthiko pofuna kuti abwerere, sabwerera, angopwetekedwa.

Chotupa chimene sichipweteka

Tsopano tibwerere ku funso lija lofunsidwa maso ali pansi. Ululu wa mabere wotsata mwezi, wopanda chizindikiro china, si khansa ndipo susanduka khansa. Tikunena motsindika kuti amene akhala akusowa tulo agone. Koma nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri, ndipo ndiyo yatichititsa kulemba motalika chotere. Khansa ya m'bere ikamayamba, kawiri-kawiri siipweteka. Imayamba ngati kanthu kolimba, konga njere ya nyemba kapena ya nsawa, kamene mayi amakapeza mwangozi posamba. Akakasindikiza, sikapweteka. Ndipo popeza ife tinazolowera kuyeza kukula kwa matenda ndi kukula kwa ululu, amati, "Si kanthu," nadikira. Tili ndi mantha pa malo olakwika: bere lopweteka ndi mwezi limatisowetsa mtendere, pamene chotupa chachete timachilekerera chaka chathunthu.

Mtengo wa kudikira kumeneku ukudziwika. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linati mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'bere ndipo pafupifupi 670,000 anamwalira nayo. M'maiko olemera amayi ochuluka opezeka nayo amachira. Koma kafukufuku wotchedwa ABC-DO, amene anatsata amayi odwala khansayi m'maiko asanu a mu Afrika, Zambia ili m'gulumo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anapeza kuti mwa amayi a ku Zambia amene anali moyo patapita zaka zitatu sanakwane theka. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali kufika ku chipatala matenda atapita kale patali. Khansa ya ku Zambia si yaukali mwa matsenga kuposa ya ku Ulaya. Imangopatsidwa nthawi yaitali.

Apa kalendala ija igwiranso ntchito yachiwiri. Nthawi yabwino yodziyang'ana ndi pamene msambo watha ndipo papita masiku awiri kapena atatu, bere litaphwa ndi mibulu ya mwezi itachoka. Imani pa kalilole, manja pansi, kenaka m'mwamba. Ndiye gonani chagada, dzanja limodzi kunsi kwa mutu, ndipo ndi zala zitatu zapakati za dzanja linalo, zogoneka osati zotsina, yendani bere lonse pang'ono-pang'ono mpaka m'khwapa. Cholinga si kufuna matenda, koma kulidziwa bere lanu, kuti chachilendo chikabwera muchizindikire. Amene anasiya kusamba asankhe tsiku limodzi pa mwezi.

Chimene chatsala msambo utatha ndicho chofuna maso a chipatala: chotupa kapena kulimba kumene sikuchoka, kaya kukupweteka kaya ayi, chotupa m'khwapa, nsonga ya bere imene yalowa m'kati pamene kale inali yotuluka, magazi kapena madzi otuluka okha ku bere limodzi, khungu lobonyoka, kapena lokhala ndi timaenje ngati khungu la lalanje, chilonda kapena zidzolo za pa nsonga zosapola, ululu wa pa malo amodzi umene watha milungu ingapo osasuntha, ndi ululu watsopano kwa mayi amene anasiya kale kusamba. Zotupa zambiri za m'bere, makamaka kwa atsikana ndi amayi achichepere, zimapezeka kuti si khansa. Koma zala zokha, ngakhale za dokotala wodziwa, sizingathe kutsimikiza. Pamafunika kuunika ndi makina, ndipo nthawi zina kutenga kanyama kakang'ono ndi singano kuti kakayezedwe. Kutenga kanyamako sikufalitsa matenda, monga ena amaopsezera anzawo. Abambo nawonso amve: ngakhale sizichitika kawiri-kawiri, mwamuna akhoza kudwala khansa ya m'bere, ndipo chotupa cha kuseri kwa nsonga asachinyozere.

Njira yake imayambira pa kiliniki yapafupi. Kuchokera pamenepo mayi amatumizidwa ku chipatala chachikulu, monga cha St Francis kuno ku Katete, chimene chakhala chikuthandiza anthu a chigawo chino kuyambira 1948, cha Nyanje ku Sinda, kapena Chipata Central. Ngati kwapezeka khansa yofuna chithandizo chapadera, ulendo umafika ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Katete. Tikudziwa kuti ulendo umenewu umadya ng'ombe kapena matumba a chimanga cha chaka chonse, ndipo n'chifukwa chake mabanja ena amazengereza. Koma chotupa chaching'ono chimafuna maulendo ochepa ndi chithandizo chopepukirapo kusiyana ndi bere limene laphulika chilonda, ndipo mayi amabwerera kwa ana ake. Amene mumapita kukayezetsa khomo la chiberekero, ntchito imene inayamba m'dziko muno mu 2006, pemphani namwino kuti akupimeninso mabere pa ulendo womwewo. Safunsa anadya phula.

Mukapimidwa ndipo mwauzidwa kuti palibe choopsa, funsani tsiku loti mudzabwerenso. Chotupa chikapitiriza kukula, bwererani ngakhale tsikulo lisanakwane, ndipo musachite manyazi kunena kuti, "Ndinabwera kale, koma chakula." Ngati mwapatsidwa mankhwala a mafinya ndipo mwawamaliza koma kulimba kukadalipo, musayambenso ena ogula nokha; pemphani kalata yopitira ku chipatala chachikulu. Pitani ndi mnzanu, mchemwali kapena mwamuna wanu, pakuti makutu a munthu wamantha amataya theka la zimene dokotala wanena. Ndipo m'chikwama, pamodzi ndi khadi la ku chipatala, musaiwale kope lija la madontho ndi mitanda.